Miyezi Isanu Youma

Kuseri kwa katani, komwe kunali matebulo awiri ositirapo ndi chimakina chochapira chimene chinkanjenjemera ngati chagwidwa malungo, munthu aliyense ankatuluka thukuta. N'chifukwa chake Chijuzi anasankha ntchito imeneyi. M'chipinda cha nthunzi palibe amene amakufunsa kuti malaya ako anyowa bwanji.

Dzinalo anamupatsa ndi Amalume, mkulu wositira pa tebulo linalo, amene aliyense pashopu yochapa zovalayo ankawaitana choncho ngakhale sanali malume a munthu aliyense pamenepo. Linachokera pa juzi yakuda imene mtsikanayo ankavala pobwera ndi poweruka, kaya kuzizire kaya dzuwa liswe mtengo. Amalume ankangoyesa kuti ndi wamphepo. Sankadziwa kuti kuyambira ali ndi zaka khumi ndi zitatu, makhwapa ake sankadziwa nyengo. Ankachucha akangotuluka kumene m'bafa. Ankachucha atakhala phee pamthunzi. M'chikwama mwake simunkasowa mabulauzi awiri osinthira, ndipo mankhwala onse opaka a m'masitolo anali atawayesa, ena mpaka kumutulutsa matuza. Moni wogwirana chanza ankapereka chigongono chili m'nthiti. Kukumbatirana ankakukana mwanthabwala, anthu n'kumati ndi wonyada.

Lolemba lina Adona, eni shopu, anamuitanira kutsogolo. Mayi wa pakauntala ankasiya ntchito kumapeto kwa mwezi potsatira amuna ake amene anawasamutsa.

"Ndikufuna munthu wodziwa nsalu," anatero Adona. "Iwe ukangokhudza chovala umadziwa kuti chichucha mtundu kapena ayi. Malipiro ndikweza. Ndiyankhe mwezi usanathe, apo ayi ndilemba wakunja."

Anatulutsa yunifolomu m'kabati n'kuyiyala pakauntala. Inali bulauzi ya buluu wotuwa, yopyapyala, ya manja aafupi, mtundu wa nsalu umene susungira munthu chinsinsi ngakhale cha dontho limodzi. Chijuzi anakweza maso. Zovala zomalizidwa zinkakolekedwa pa chitsulo chachitali pamwamba pa mutu, ndipo wa pakauntala ankakweza dzanja kukatsitsa hang'ala mwina kasanu ndi kawiri pa ola, kasitomala akuyang'ana.

"Nanga juzi, Adona?"

"Juzi pakauntala panga? Anthu aziti tikuchapa zovala kapena tikukhuza maliro?"

Chijuzi anaseka nawo n'kubwerera kuseri. Zaka zinayi za nthunzi zinali zitamulowa m'msana. Madzulo aliwonse mapazi ankatupa, zala zinali ndi zipsera za simbi, ndipo ankaifuna ntchito ya kutsogoloyo ngati madzi akumwa. Panalinso chifukwa china chimene sakanauza munthu. Lachisanu lililonse cha m'ma folo koloko pakauntalapo pankafika Aphunzitsi.

Sanalankhulanepo. Nkhope yawo ankaionera pa kampata ka katani, theka lokha: khutu, tsaya, kolala ya jekete. Koma malaya awo ankawadziwa kuposa mmene mkazi amadziwira a mwamuna wake. Ankabwera asanu sabata iliyonse, fumbi la choko lili pa mkono wa kumanja, ndipo kukhwapa kwa onse kunali mizere yachikasu, umodzi pamwamba pa unzake, ya kumanja yokulirapo chifukwa ndilo dzanja lokwera pabolodi. Tsiku loyamba kuwaona, Chijuzi anakhala pansi simbi ili m'manja. Sankadziwa kuti padziko pali munthu wina ngati iye. Kuyambira pamenepo malayawo ankawapatula, n'kuyamba wawanyika m'viniga, kupaka soda, kutsuka ndi kaburashi ka mano, zonsezi osalemba pa risiti. Powasita ankapeka moyo wa mwini wake: chipinda chokhala ndi mabuku mpaka kudenga, wailesi yoyimba motsitsa, kapu imodzi yokha pa tebulo. Nthawi zina kapuyo ankaiwonjezera ina.

Ndiyeno chaka chathachi, sabata ina, malaya aja anabwera ouma. Choko chinalipo, litsiro la kolala linalipo, koma kukhwapa kunali mbee. Anayang'ana nambala ya risiti kawiri. Sabata yotsatira chimodzimodzi. Anafufuza pafoni mpaka anapeza kuti kuli jakisoni wobaya m'khwapa, wa kuchipatala cholipira. Malaya anabwera ouma kwa miyezi isanu ndi sabata ziwiri. Kenako kadontho kakang'ono ngati ndalama yachitsulo, kumanja. Pomatha mwezi wina mizere yonse inali itabwerera m'malo mwake ngati alendo amene anangopita kukacheza.

Pashopupo panali lamulo limene Adona ankauza aliyense tsiku lolembedwa ntchito: "Zovala zimalankhula, koma ife tilibe pakamwa." Kaya upeze utoto wa milomo pa kolala ya abusa, kaya magazi, kaya kalata m'thumba, umachapa n'kubweza, maso pansi. Chijuzi anali asanaliphwanyepo.

Lachitatu anapempha kuti afike mochedwa, napita kuchipatala chija. Chipinda chodikirira chinali chozizira, chokhala ndi maluwa apulasitiki, ndipo iye anakhala thukuta likutsetsereka m'nthiti. Dokotala anali mayi wa maso otopa amene sanadabwe ndi chilichonse. Anamugoneka manja ali kumutu, kumupaka mankhwala ofiirira m'khwapa, kenako kuwazapo ufa woyera.

"Umenewu si sitachi?" anafunsa Chijuzi.

"Ndi yemweyo."

"Ife timalimbitsira makolala."

"Ife timapezera pomwe pakudontha."

Mphindi isanathe ufa uja unasanduka wakuda bii, chigamba chachikulu ngati chikhatho. Chijuzi anachiyang'ana pagalasi. Chinthu chimene anachibisa zaka khumi ndi ziwiri chinali ndi malire, m'mbali mwake mokhotakhota ngati mapu.

"Jakisoniyu sachiritsa," anatero dokotala. "Amagonetsa timitsempha timene timauza thukuta kuti lituluke. Timagona miyezi inayi, mwina isanu ndi umodzi. Kenako timadzuka."

"Isanu ndi sabata ziwiri," anatero Chijuzi motsitsa.

"Pepani?"

"Ayi, palibe. Tikadzuka timitsemphato?"

"Mumabweranso."

"Mtengo womwewo?"

"Ngati sunakwere."

Dokotala analemba nambala pa kapepala n'kumukankhira. Chijuzi anaiwerenga, naipinda kanayi. Inali pafupifupi ndalama yonse imene anasunga kwa zaka ziwiri kuti adzapezere chipinda chakechake.

Pakuti Chijuzi ankagona pa sofa kwa achemwali ake, mayi wogulitsa nsapato zakale amene pakamwa pake panalibe chotsekera. Madzulo amenewo anawapeza akupukuta katundu wa mawa pakhonde, ana awo awiri akulimbirana limoti ya TV m'nyumba. Anawapatsa kapepala kaja.

Achemwali anaimba kamluzu. "Imeneyi ndi ya makhwapa awiri kapena akuwonjezerapo ndi miyendo?"

"Achemwali, ndikunena zoona."

"Inenso ndikunena zoona. Zimene akukuwonjezera Adona akowo, ukaziunjika miyezi isanu zikwana apa?"

"Zitsala pang'ono."

"Ndiye kuti uzidzuka m'mamawa, kukwera basi, kumwetulira anthu amwano tsiku lonse, kuti udyetse makhwapa. Anzako akudyetsa ana, iwe makhwapa!" Anaseka mpaka nsapato inagwa. Ataona kuti mng'ono wawo sakuseka, anaitola n'kuyamba kuipukuta pang'onopang'ono. "Thukuta silinaphepo munthu, iwe. Aliyense amatuluka thukuta."

"Si la aliyense ili."

"Ndikudziwa. Mapepala a mayeso unkanyowetsa aja, ndani ankakuumitsira?" Anaika nsapato ija pansi. "Sofa yanga sikukuthamangitsa. Koma alamu ako atopa kuonera mpira ataimirira. Ndalama ndi yako, msana ndi wako. Ine ndikanagula chitseko choti ndizitseka."

Chijuzi ankachifunadi chitsekocho. Ankachilota chobiriwira, chokhala ndi kiyi mmodzi. Koma dokotala anamuuza mtengo wokha, achemwali anamuuza mtengo wokha. Munthu amene akanamuuza chimene ndalamayo imagula anali mmodzi, ndipo ankabwera Lachisanu.

Lachisanulo zinthu zinachita ngati zapangana. Adona anapita kubanki, mayi wa pakauntala anapempha kukalongedza katundu. Belu la pachitseko litalira, Amalume anasuzumira pa katani.

"Ndi bwana wa viniga uja," anatero. "Pita, Chijuzi. Ine manja ali ndi sitachi."

"Wa viniga?"

"Ukuyesa mphuno ndinaisiya kunyumba? Zaka ziwiri shopu ikununkha ngati mokazingira tchipisi. Pita, mwana iwe, munthu akudikira."

Anavala juzi, namanga mabatani onse, natuluka.

Aphunzitsi anali aafupi kuposa mmene ankawaganizira, ndipo tsitsi linali litayamba kuthothoka pamwamba. Anavala jekete kunja kukutentha, zigongono zili m'nthiti. Chijuzi anaona kaimidwe kake komwe pa thupi la munthu wina. Anatsitsa malaya oyera, nawaika m'pulasitiki. Aphunzitsi anaika thumba la akuda pakauntala.

"Asanu, monga mwa masiku onse. Mayi uja kulibe lero?"

"Atuluka." Anatenga cholembera. Risiti inali itayamba kale kunyowa pansi pa dzanja lake. Akanangolemba n'kunena zikomo. Koma mwezi unali utatsala ndi masiku asanu ndi limodzi. "Aphunzitsi, pepani. Jakisoni uja. Kodi ndi woyenera ndalama yake?"

M'shopu munangoti zii. Ngakhale simbi ya Amalume kuseri inasiya kupuma.

"Jakisoni wanji?"

"Wa m'khwapa."

Nkhope yawo inasintha pang'onopang'ono, kuyambira m'makutu. Anayang'ana kuchitseko, ngati kuti kalasi yonse yaima panja.

"Wakuuzani ndani?"

"Palibe. Malaya."

"Malaya." Anaseka kuseka kopanda mano. "Ndinasiya kuchapitsa kwa mayi wa pafupi ndi kwathu chifukwa ankandidziwa. Ndimakwera mabasi awiri kubwera kuno chifukwa kuno palibe amene akundidziwa. Ndiye mumatani kuseriko? Mumaonetsana? Mumaseka?"

"Ayi! Ndine ndekha ndimawagwira. Palibe wina." Mawu anamuthera. M'maloto ake onse, pofika apa sipankafunika mawu. Anamasula mabatani a juzi, naitsegula mbali imodzi, nakweza dzanja pang'ono. Bulauzi inali yonyowa mpaka m'chiuno. Anali asanaonetsepo munthu wamwamuna.

Aphunzitsi anayang'ana kamodzi, natembenuzira nkhope kukhoma.

"Tsekani, mayi. Zimenezo ndimaziona pagalasi m'mawa uliwonse."

Anatseka. Anamanganso mabatani onse. Aphunzitsi anatenga pulasitiki yawo, nafika pachitseko, naima. Analankhula atafulatira.

"Ndinagulitsa njinga yamoto. Pano ndimayenda wapansi kupita kusukulu, ndiye thukuta likuchita kuposa kale. Mukhoza kuseka pamenepo, n'zoseketsa."

"Ndiye munataya ndalama."

"Sindinatero." Anasuntha pulasitiki kuchoka dzanja lina kupita lina. "Palibe anazindikira. Ana asukulu, aphunzitsi anzanga, palibe ndi mmodzi yemwe. Ndinkayamba kulemba pamwamba penipeni pa bolodi, n'kumadikira kuti wina anene kanthu. Palibe. Koma tsiku lina, mwezi wachitatu, ndinafika kunyumba, ndikuvula nsapato, ndinazindikira kuti tsiku lonse sindinaganizeko za makhwapa. Ndinaganiza za masamu. Ndinakwiya ndi mwana wina. Ndinamva njala. Basi." Anagwira chitseko. "Ngati mukufunsa chimene ndinagula, ndi chimenecho."

"Mudzapitanso?"

"Njinga inali imodzi."

Anabwerera pakauntala, ndipo Chijuzi anayesa kuti akufuna kunena china. Koma anangotenga thumba la malaya akuda lija, nalikolekera paphewa.

"Munkachapa bwino," anatero. Belu linalira, chitseko chinatsekeka.

Kuseri Amalume anali akusita thalauza limodzi lomwelo kachitatu. Sanakweze mutu.

"Adona akafunsa, kasitomala wasamuka," anatero. "Ine ndine wogontha, makina awa anandiwononga makutu." Anaimika simbi. "Koma iwe, zaka zinayi pambali panga. Ine kumati uli ndi mphepo m'mafupa, mpaka kukutsekera windo."

"Pepani, Amalume."

"Upepese windolo."

Chijuzi anakhala pa mulu wa makatani odikira kuchapidwa. Ankayembekezera kulira, koma misozi sinabwere. Chinabwera ndi kutopa, kolemera ngati bulangete lonyowa. Chipinda cha mabuku chija, wailesi, makapu awiri, zonse zinali zitatuluka pachitseko pamodzi ndi thumba la malaya akuda. Anayesa kukumbukira tsiku limodzi, limodzi lokha, limene anadzuka n'kukagona osaganiza za makhwapa ake. Anabwerera m'mbuyo chaka ndi chaka mpaka kusukulu ya pulayimale. Kumeneko analipeza: ankaponya mpira wa manja m'golo lachitsulo manja onse ali m'mwamba, akukuwa. Kuchokera pamenepo panalibe.

Adona atabwera, Chijuzi anawauza kuti ntchito ija waivomera.

Dokotala uja anam'baya Lachiwiri. Tijakisoni tinali tating'ono, khumi ndi tisanu mbali iliyonse, toluma ngati nyerere. Anayang'ana kudenga n'kumawerenga mabowo a siling'i. Polipira, mlembi anawerenga ndalama kawiri n'kunena kuti, "Mutiyenderenso," ngati mmene amanenera musitolo.

Achemwali sananene zambiri. Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ndiye chitseko chili m'khwapamo? Bwera nacho bwino, usachigwetse." Kenako anauza amuna awo kuti agule kampando.

Masiku atatu oyamba palibe chinasintha, ndipo Chijuzi ankayenda ngati munthu amene waberedwa pabasi. Tsiku lachinayi bulauzi yosinthira inabwerera kunyumba yopindidwa. Lolemba anavala ya buluu ija.

Kasitomala woyamba anali bambo wa suti ya ukwati. Chijuzi anakweza dzanja, natsitsa hang'ala, mtima uli m'mwamba. Bamboyo anali pafoni. Wachiwiri anali mayi amene anakalipa mphindi khumi chifukwa cha batani limene linabwera litathothoka kale. Wachitatu anaiwala risiti. Pofika masana masaya ankamuwawa ndi kumwetulira, mapazi anatupa chimodzimodzi ngati kuseri, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anayang'ana pansi pa phewa lake. Adona anangomuuza kuti azilemba manambala ooneka bwino.

Lachisanu folo koloko inakwana, kenako hafu pasiti. Belu linalira kanayi. Kanayi konse anali anthu ena. Chijuzi anapukuta kauntala imene inali yoyera kale, nasanja mapini, natseka buku. Amalume anatulutsa mutu pa katani, nayang'ana wotchi, nabwezanso mutu.

Poweruka dzuwa linali lidakalipo. Anaima pamalo okwerera basi pakati pa anthu otopa anzake, chikwama chopepuka chili paphewa. Miyezi isanu ndi sabata ziwiri, kuchotsapo masiku khumi. Sankadziwa ngati adzapitanso kuchipatala, kapena ngati Adona adzamubwezera kuseri, kapena ngati sofa ija idzapirira. Basi inatulukira pakona itadzaza, ndipo iye anakweza dzanja lonse kuti iime. Kamphepo kanalowa m'mkono wa bulauzi n'kumukhudza pakhungu louma. Anadzidzimuka, natsitsa dzanja msanga. Sankadziwa kuti kumeneko munthu amamvako kuzizira.

Basi ija inadutsa osaima. Anadikira ina.